Kuika injini ya injection mu Hilux yakale kuno ku Mzuzu

Hilux yakale kawirikawiri sifera thupi. Chesisi chimakhala chikadali gwa, difu ilibe phokoso, masipuling'i anangowonjezeredwa tsamba limodzi chifukwa cha matumba a chimanga, koma injini ndiyo yatopa. Ikusuta, ikumwa oyilo sabata ndi sabata, ndipo kabuleta yamasulidwa kambirimbiri mpaka timabawuti take tinatha mano. Pamenepa mwini galimoto amamva malangizo awiri. Ena amati ipangidwe ovaholo. Ena amati itsike basi, muikidwe ya injection yochokera ku Japan, ija imalowera pa Songwe. Malangizo achiwiriwa si oipa, makamaka kwa ife a kuno kumapiri.

Chifukwa chake ndi mpweya. Mzuzu ili pa mamita pafupifupi 1,250 pamwamba pa nyanja yamchere. Mukatsikira ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, mwafika cha pa mamita 500. Mukaloza ku Mzimba pa M1, pa Chikangawa mwadutsa 1,600, ndipo wopita ku Chelinda pa Nyika amapitirira 2,000. Pa mamita 100 alionse okwera, mpweya umapepuka ndi pafupifupi 1 peresenti. Kabuleta sidziwa zimenezo. Majeti ake ndi timabowo tosasintha, ndiye yomwe yatchunidwa bwino kunyanja imathira mafuta opyola muyeso pa Chikangawa, mapulagi n'kuda mwaye, pomwe yotchunidwa kumtunda imakafika kunyanja ili ndi njala ya mafuta n'kumatentha. Ya injection imayeza mpweya womwe walowadi, imayeza kutentha kwa madzi, imanunkhiza utsi wa mu ekizozi, kenako n'kupereka petulo wolingana ndi mpweya umenewo. Mphamvu yotayika chifukwa cha kukwera siibweza ayi, palibe injini yopanda turbo ingatero. Koma sitaya petulo, ndipo m'mawa wa mu Juni nkhungu itakuta Katoto imalira kamodzi, osakoka choke kapena kuthira petulo pakamwa pa kabuleta.

Nanga n'chifukwa chiyani mapikapu ena amatha miyezi boneti ili yasa m'magalaja, injini yatsopano ili m'malo mwake koma osalira? Nthawi zambiri wolakwa sakhala makaniko amene akuigwira lero. Zinalakwika tsiku logula. Injini ya kabuleta ndi chitsulo choima pachokha, mukaipatsa petulo ndi waya mmodzi wa koyilo imalira. Ya injection ndi banja. Ili ndi kompyuta yake, mtolo wake wa mawaya womwe amakaniko amati harness, choyezera mpweya chake, igniter yake (kabokosi koyendetsa koyilo kuti mapulagi apereke moto), ma relay ake, ndipo achibale amenewa sabwerekana ndi a banja lina ngakhale dzina la injini lifanane. Amene wagula chitsulo chokha, mawaya atadulidwa ndi chikwanje polowera m'kabini, wagula theka la injini pa mtengo wa yathunthu.

Ma Hilux akale a petulo ambiri ali ndi 3Y ya malita 2.0, 4Y ya 2.2 kapena 22R ya 2.4. Pa mayina a injini za Toyota, chilembo E chakumapeto ndicho chimanena kuti ndi ya injection, choncho 3RZ-FE ndi 3RZ-F n'zosiyana, yachiwiriyi ndi ya kabuleta. Yomwe imayenerana bwino ndi ntchitoyi ndi 3RZ-FE, ya 2,693 cc, ma valve 16, yoyendera tcheni osati lamba. Inayamba kupangidwa mu 1994 ndipo inaikidwa mu Hilux, Hilux Surf ndi Prado. Imapereka ma kilowatt pafupifupi 110, pomwe 4Y ili cha m'ma 70. Koma ubwino wake waukulu si mphamvuyo. Ndi woti throttle yake, kachitseko kolowetsa mpweya mukaponda moto, imakokedwa ndi kebulo ndipo kompyuta yake sifuna zambiri kuti ilole injini kulira. 1RZ-E ya 2.0, ija ya m'maminibasi, masipeya ake ali paliponse, koma pa pikapu yonyamula matabwa mudzaona ngati simunasinthe kanthu. Komanso injini iliyonse yochokera mu Hiace imabwera ndi sampu ndi manifold zopangidwira kukhala pansi pa mpando, zomwe mu pikapu zimagundana ndi zina.

2TR-FE, yomwe inalowa m'malo mwa 3RZ cha mu 2004 ndipo ili mu Quantum ndi ma Hilux a pambuyo pake, imakopa chifukwa ndi yatsopano. Ife timati muisiye pokhapokha ngati mwagula kutsogolo konse kwa galimoto yake. Throttle yake imayendetsedwa ndi kamota, ndiye imafuna chopondera moto chake cha magetsi, ndipo zambiri zili ndi immobiliser. Popanda kiyi weniweni, kalingi kozungulira pa loko ndi kabokosi kowerenga kiyiyo, zonse zochokera mu galimoto imodzi ndi kompyuta, sitata idzazungulira mpaka batire kutha. A Nissan Hardbody ya Z24 mfundo zake ndi zomwezi, kungoti yawo ndi KA24E.

Njira yosavuta ndi kugula half cut, kutsogolo konse kuyambira pa dashibodi. Imadula, inde, koma chilichonse chili pamalo pake ndipo mumamasula nokha soketi iliyonse n'kuimata kapepala kolemba dzina lake. Ngati thumba silikulola, musachoke pamalo ogulira musanaone kompyuta yomwe nambala yake ikugwirizana ndi injiniyo, harness yosadulidwa mpaka pa masoketi a kompyuta, ndiponso masoketi a mbali ya bodi okhala ndi michira ya mawaya yotalika ngati chikhato. Michira imeneyi anthu amaiona ngati zinyalala, chonsecho ndi pomwe mudzalumikize kiyi, pampu ndi nyali ya pa dashibodi. Tengani choyezera mpweya, air flow meter kapena MAP sensor, malinga ndi chomwe injiniyo inali nacho, bokosi la fyuluta ya mpweya ndi mapaipi ake, igniter ndi koyilo, oxygen sensor limodzi ndi kachidutswa ka ekizozi komwe yamangidwapo, alternator, sitata, ma mounting, kebulo ya moto, circuit opening relay, komanso pampu ya mu thanki ngati ilipo. 3RZ zoyambirira zili ndi distributor, zapambuyo pake zili ndi ma coil pack, ndipo makompyuta ake sasinthana. Funsaninso ngati inali ya manual kapena automatic. Ya automatic ilibe flywheel, ili ndi chimbale chopyapyala, ndiye mudzafuna flywheel, mabawuti ake omwe ndi aataliko, ndi kabering'i ka kumbuyo kwa crankshaft. Kompyuta ya automatic imaliza injini ndithu, koma nyali ya check engine imangoyaka chifukwa ikufunafuna giyabokosi yomwe kulibe, motero tsiku lomwe vuto lenileni labwera simulizindikira.

Injini yakale isatsike yatsopano isanalire pansi. Ikhazikeni pa tayala lakale, imangeni ndi chingwe, lumikizani harness yonse monga inalili, batire, ndi pampu yokoka petulo m'chigubu chomwe chili patali ndi moto. Masekondi 30 akwana poti mulibe madzi. Yezani compression: 3RZ-FE yabwino imapereka pafupifupi 12 bar, yotsika pansi pa 9 yatha, ndipo ma silinda asasiyane kupyola 1 bar. Injector iliyonse, kachida kopopera petulo mu injini, ionetse ma ohm 12 mpaka 16 pa mita. Injini yomwe yakhala miyezi mu kontena, petulo wouma amamata ma injector ngati ulimbo, choncho akatsukidwe asanalowe. Ikadali pansi pomwepo sinthani oil seal ya kumbuyo kwa crankshaft, kilatchi ndi release bearing. Seal imeneyo ndi yotchipa, koma ikayamba kudontha injini ili mkati, mutsitsanso giyabokosi.

Musayembekezere kuti bellhousing, chigoba cholumikiza giyabokosi ndi injini, ya 4Y kapena ya 22R ilowa pa RZ. Pa pikapu yokoka ndi matayala akumbuyo okha, ikani giyabokosi yomwe yabwera ndi injini, propshaft ifupikitsidwe kapena italikitsidwe kwa odziwa kuibalansa, apo ayi galimoto izinjenjemera pa 80. Pa 4x4 ndi bwino giyabokosi ndi transfer zikhale pomwe zili kuti ma propshaft ndi zogwirira magiya zisasunthe. Magiyabokosi a Toyota a gulu la W, monga W55, W56 ndi W59, bellhousing yake imamasuka ndipo imasinthana, ndiye mumafuna ya RZ n'kuimanga pa giyabokosi yanu. Onani mano a input shaft kuti akulowa pa kilatchi, ndiponso mbali yomwe foloko ndi slave cylinder zatulukira.

Poikhazika, yambirani kumbuyo. Mangani giyabokosi pa crossmember, injini ikulendewera pa tcheni, muiike pakati ndipo isapendekere mbali. Zomangira ma mounting pa chesisi zidulidwe pa chitsulo cha mamilimita 5 kapena 6. Wowotcherera angodontheza timadontho togwirira, injini ituluke, kenako awotcherere zonse bwinobwino. Powotcherera paliponse pa galimotoyi, lero ndi mtsogolo monse, waya wa negative wa batire ndi masoketi a kompyuta zikhale zitazulidwa. Siyani mpata wa masentimita awiri kapena kupitirira pakati pa fani ndi radiyeta, komanso pakati pa mutu wa injini ndi khoma la kabini, paja injini imagwedezeka mukaponda moto. Za mpata wa boneti musalotere, ikani kampira ka dothi lonyowa pamwamba pa manifold, tsekani, muone kuti laphwanyika motani. Pa Hilux ya difu yowongoka kutsogolo, yezani mpata wa sampu ndi difu masipuling'i atapanikizika mpaka pa labala, osati galimoto itangoima yopanda katundu. Sampu ikasintha, paipi yokoka oyilo ndi dipstick zisinthe nayo.

Ekizozi ili ndi msampha wake. Pa 22R imatulukira kumanzere, pa 3RZ kumanja. Kwa a ku America kumanja ndi kwa pasinjala, ndiye malangizo awo a pa intaneti sanenapo zambiri. Kwa ife kumanja ndi komwe kuli chiwongolero, master cylinder ya mabuleki ndi ya kilatchi. Ikani malata otchinga kutentha, ndipo mapaipi a mabuleki omwe ayandikira muwasunthe. Brake fluid yomwe yatenthedwa kale ndi manifold sichedwa kuwira potsika Chiweta. Oxygen sensor ikhale pafupi ndi manifold ngati momwe inalili, ndipo pamwamba pake pasakhale pobooka, chifukwa mpweya wolowera pamenepo umanamiza sensa kuti mafuta achepa, kompyuta n'kumawonjezera.

Tsopano mafuta, pomwe ambiri amagwera. Kabuleta imafuna mafuta okankhidwa ndi mphamvu ya 0.2 mpaka 0.4 bar. Injection ya Toyota ya nthawi imeneyo imafuna pafupifupi 3 bar, kuwirikiza kakhumi. Palibe paipi ya labala, fyuluta ya pulasitiki kapena kilampu ya waya ya pa kabuleta yomwe iyenera kutsala pakati pa pampu ndi injini. Paipi ya labala ikhale yolembedwa SAE 30R9, yomwe imakhala yomira mu thanki ikhale 30R10, ndipo makilampu akhale osalala mkati, osati aja amano odula labala. Paipi ya 30R7 imaoneka chimodzimodzi pa shelefu koma ndi ya kabuleta, ndipo ikaphulika imawaza petulo ngati mvula pa injini yotentha. Kumbukiraninso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, fakitale ya ku Dwangwa inayamba kuipanga mu 1982. Ethanol amaumitsa labala wosayenera, amakoka chinyezi, ndipo amakokolola dzimbiri ndi utoto wa mafuta akale mu thanki. Kabuleta zinyalala zimenezo imameza n'kungotsokomola. Injector ili ndi kasefa kang'ono ngati njere ya mpunga, sikachedwa kutsekeka. Choncho thanki itsike, itsukidwe, iume, ndipo ngati mkati mwake mukusupuka dzimbiri, funani ina.

Pamafunika mapaipi awiri, wopita wa mamilimita 8 ndi wobwerera wa 6 kapena 8, chifukwa regulator ya pa fuel rail, paipi yogawira ma injector petulo, imabweza mafuta otsala ku thanki. Wobwererayo akatsekeka kapena akapindika, mphamvu imakwera, utsi n'kuda bii. Alowe mu thanki patali ndi pokokera kuti thovu lake lisakokedwenso. Pali injini zina zatsopano zopanda paipi yobwerera, regulator yake imakhala mu thanki pamodzi ndi pampu, ndiye zikakhala zotero pampu yake yomweyo ndi yofunika.

Pali chinthu china chomwe sichioneka galimoto ili pa galaja. Kabuleta ili ndi kambale kosungira petulo, moti pampu ikakoka mpweya kwa kamphindi injini simva. Injection ilibe nkhokwe yotero. Thanki ya galimoto ya injection imakhala ndi kachitini mkati kozungulira pampu, pomwe ya kabuleta nthawi zambiri ndi mgolo wopanda kanthu. Mafuta akatsika pa kota, pa makona a msewu wa Nkhata Bay onse amathawira mbali imodzi, pampu n'kukoka mpweya, injini n'kudukiza pakati pa chitunda mutanyamula. Pampu nayo imazizira ndi petulo yemweyo, ikamauma pafupipafupi imapsa. Mankhwala ake ndi thanki ya Hilux ya injection yolowa pa chesisi chanu, ndiye pampu imakhala mkati ndipo nkhani yatha. Ikasowa, pangitsani kathanki kakang'ono ka lita imodzi kapena imodzi ndi theka. Pampu ya magetsi ya mphamvu yochepa imadzaza kathankiko, pampu yamphamvu imakoka pansi pake, mafuta obwerera ku injini amagwera momwemo, ndipo osefukira amabwerera ku thanki yaikulu. Pampu yamphamvu ya kunja imakankha bwino koma kukoka siitha, choncho ikhale m'munsi mwa thanki, pafupi, ndi sefa yokhakhala ya ma micron 100 isanafike pampu, ndi fyuluta yachitsulo ya ma micron 10 itadutsa pampu. Fyuluta yoyambayo n'njofunika kwambiri nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene anthu amathira a m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Ndipo thanki yomwe munakhalapo petulo isayandikire moto wowotcherera, ngakhale wina alumbire kuti waitsuka. Zulani chivundikiro cha geji ya mafuta pa thanki, paipi iwotchereredwe pa icho chili patali.

Za magetsi anthu amaziopa chifukwa cha kuchuluka kwa mawaya, koma ngati harness ndi yathunthu, ambiri mwa iwo simuwakhudza. Omwe amalumikizana ndi galimoto yakale ndi ochepa, ndipo Toyota inawatchula mayina pa mapu a mawaya ndiponso, pa makompyuta ambiri, pa bolodi lamkati pafupi ndi mapini. BATT amafuna moto wa batire nthawi zonse kudzera pa fyuzi ya 15A. Ndiye amasunga zomwe kompyuta yaphunzira ndi ma code a mavuto, moti mukamulumikiza ku kiyi, kompyuta imaiwala zonse mukangozimitsa. +B amalandira moto kuchokera ku EFI main relay, relay yaikulu ya injection. Pa makompyuta ena relay imeneyi imatsegulidwa ndi kiyi mwachindunji, pa ena kiyi amapita ku IGSW ndipo kompyuta ndiyo imatsegula relay kudzera pa M-REL. Waya wa kiyi amene mwasankha akhale ndi moto pa ON komanso pa START. Pa magalimoto akale pali waya wina amene amazima sitata ikamazungulira, ndipo mukatenga ameneyo injini imangofuna kulira pomwe mukusiya kiyi. STA amachokera ku waya wa sitata kukauza kompyuta kuti mukuliza, iwonjezere mafuta. Mukamuiwala, masana ilira, koma m'mawa wa chisanu muvutika. W ndi wa nyali ya check engine. Ikani nyaliyo ngakhale dashibodi yakale ilibe malo ake, boolani.

Pampu isalumikizidwe ku kiyi mwachindunji, ngakhale ndi chidule chomwe ambiri amachikonda. Circuit opening relay ili ndi makoyilo awiri, imodzi imagwira sitata ikamazungulira, ina imagwiridwa ndi kompyuta kudzera pa waya wa FC injini ikamayenda. Injini ikazima pampu imaima. Pa ngozi, paipi itaduka ndipo dalaivala wakomoka kiyi ali pa ON, pampu ya chidule ija imapitiriza kukhuthula thanki pansi pa galimoto. Waya wa pampu akhale wa 2.5 mm², wokhala ndi fyuzi yake, chifukwa volt iliyonse yotayika m'njira imachepetsa mafuta pa chitunda.

Earth ndiye mfiti ya ntchito imeneyi. E1, E01 ndi E02 amamangidwa pa injini penipeni, pamalo pomwe fakitale inawamanga, popalidwa mpaka chitsulo kuwala. E2 ndi earth ya masensa okha, imabwerera ku kompyuta, isamangidwe pa bodi. Pakhale lamba wonenepa kuchokera ku batire kupita pa injini, wina kuchokera pa injini kupita pa chesisi, ndi wina ku kabini. Mukapenta chipinda cha injini kuti chikongole n'kumanga earth pamwamba pa penti, mudzasintha masensa onse osapeza vuto. Mawaya a crank sensor, knock sensor ndi oxygen sensor ali ndi chovala cha ukonde wa waya chotchinga phokoso la magetsi. Musawadule, ndipo adutse patali ndi mawaya a mapulagi. Polumikiza paliponse pakhale solder ndi heat shrink. Zopotokola ndi zala n'kukulunga tepi zimagwira mpaka mvula yoyamba, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa, imafika mpaka Epulo osatopa. Pa chifukwa chomwecho kompyuta ikhale m'kabini, pamwamba, kuseri kwa dashibodi mbali ya pasinjala, masoketi atayang'ana pansi, poti labala wa windisikirini ya Hilux yakale salephera kudontha.

Zotsalazo ndi zazing'ono. Ngati galimoto inali ndi regulator ya alternator yapadera pa bodi, ichotsedwe. Alternator yatsopano ili ndi yake mkati ndipo imafuna S ku batire, IG ku kiyi, L ku nyali ya tchaji. Pa batire muone 13.8 mpaka 14.5 V injini ikulira. Geji ya kutentha ili ndi sensa yake ya waya mmodzi, yosiyana ndi ya kompyuta ya mawaya awiri, ndipo ndi bwino kusamutsa ya injini yakale kuti singano isaname. Waya wa kompyuta wa SPD amafuna chizindikiro cha liwiro. Mawotchi ena a kebulo ali ndi kaswitchi kuseri kopereka chizindikirocho, akakhala opanda ikani sensa pa kebulo potulukira pa giyabokosi. Popanda SPD galimoto imayenda, koma zina zimazima mukasiya moto n'kuponda kilatchi pofika pa mphambano.

Thermostat ibwerere m'malo mwake. Chizolowezi choichotsa poti kuno n'kotentha chinalowerera m'magalaja, ndipo pa kabuleta anthu amapulumuka nacho. Pa injection kompyuta imathira mafuta poyang'ana kutentha kwa madzi. Sensa yake imaonetsa ma ohm 2,000 mpaka 3,000 pa 20°C ndi 200 mpaka 400 pa 80°C. Injini yopanda thermostat potsika Chikangawa usiku sifika n'komwe pa 82°C pomwe thermostat imatsegukira, ndiye kompyuta imaganiza kuti kukadali m'mawa, imanyalanyaza oxygen sensor n'kumathira ngati choke yokokedwa. Mwini wake n'kumadandaula kuti injection ikumwa kuposa 4Y. Radiyeta yakale ikatsukidwe kapena isinthidwe ndi ya mizere yambiri poti injini yakula, chotsekera chake chikhale cha 0.9 bar, fani ikhale ndi chikombole chake, ndipo muthire coolant osati madzi a pa mpopi okha, chifukwa mutu wa injiniyi ndi wa aluminiyamu. Kumbali ya mpweya, gwiritsani bokosi lenileni la fyuluta. Zija zooneka ngati chipewa zimakoka mpweya wotentha wa pa radiyeta, ndipo fumbi la msewu wa Nyika zimalilola. Ngati injini ili ndi air flow meter, mng'alu uliwonse pa paipi yochoka pa iyo kupita ku throttle ndi mpweya wosawerengedwa, idling n'kumakwera ndi kutsika. Paipi ya booster ya mabuleki ichoke pa manifold ndi valve yake yolola mbali imodzi.

Tsiku loliza, yambani ndi mafuta injini ili chete. Pa kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS lumikizani +B ndi FP, kiyi pa ON, pampu iyende. Tsatirani paipi yonse ndi dzanja ndi mphuno, chozimitsira moto chili pafupi. Geji yoyezera mphamvu ya mafuta ionetse 2.7 mpaka 3.0 bar. Injini ikalira, kapaipi ka vacuum kali pa regulator, itsike pang'ono kufika cha pa 2.1 mpaka 2.6. Mukazimitsa, ikhale pamwamba pa 1.5 bar kwa mphindi zisanu. Ikagwa msanga, injector ikudontha kapena valve ya mu pampu yatha, ndipo ndicho chimachititsa galimoto kuvuta kulira ikatentha. Musanalize koyamba, zulani fyuzi ya EFI n'kuzunguza sitata mpaka nyali ya oyilo izime.

Mukatembenuza kiyi pa ON nyali ya check engine iyenera kuyaka. Ikapanda kuyaka, kompyuta ilibe moto kapena earth, musavutike ndi zina. Ikalira kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kuzima, oganiziridwa ndi atatu. Mwina pampu ikuyenda pa START pokha chifukwa FC sanalumikizidwe. Mwina immobiliser. Kapena waya wa IGF, womwe igniter imauzira kompyuta kuti moto wa pa pulagi wachitikadi, poti kompyuta ikapanda kumva yankho limenelo imatseka ma injector. M'malo molotera, ifunseni. Lumikizani TE1 ndi E1 pa kabokosi komweko, kapena pini 13 ndi 4 pa soketi ya mapini 16 ngati ndi ya mtundu umenewo, ndiye muwerenge kuphethira kwa nyali. Code 12 ndi chizindikiro cha kuzungulira kwa injini, 14 ndi IGF, 21 oxygen sensor, 22 sensa ya madzi, 24 ya kutentha kwa mpweya, 31 choyezera mpweya, 41 sensa ya throttle, 42 liwiro, 43 STA. Kuphethira kofanana kosalekeza ndiye kuti palibe chodandaula. Code imaloza dera osati chida, ndipo pa injini yosamutsidwa wolakwa amakhala waya kapena soketi kambiri kuposa sensa. Yezani kaye musanapite kukagula.

Kuyesa kwenikweni si kuzungulira Luwinga. Thirani kota ya thanki, ikani katundu, tsikani msewu wa Nkhata Bay n'kukweranso. Pamenepo mudziwa ngati mafuta akudukiza pa makona, ngati singano ya kutentha ikukwera, ngati kilatchi ikuterereka, ngati sampu ikugunda. Mukabwerako mangitsaninso mabawuti a ma mounting ndi a ekizozi, muwerengenso ma code. Mabuleki musawasiye momwe analili. Pikapu yomwe kale inkakwera chitunda pa giya yachiwiri tsopano ikwera pa yachitatu, ndipo madalaivala a matola liwiro akalipeza salisiya. Sinthani brake fluid, mapadi, ma shoe ndi mapaipi a labala.

Nambala ya injini yomwe ili mu blue book ndi ya injini yomwe mwatsitsa. Sungani lisiti yokhala ndi nambala ya yatsopano komanso mapepala a MRA osonyeza kuti inalowa m'dziko mwalamulo, ndipo kasinthitseni ku Road Traffic musanapite kukayezetsa COF, chifukwa nambala ndi kukula kwa injini zikasemphana ndi za m'buku mubwezedwa. A inshuwalansi nawo auzidwe. Wogulitsa amene akuzemba kulemba nambala pa lisiti, musiyireni injini yake.

Chizolowezi chimodzi chomwe mwini galimoto ayenera kusiya ndi chodalira kukankha. Ya kabuleta inkalira pa mtsetse ngakhale batire litatsala pang'ono kufa. Iyi imafuna moto woyendetsa pampu, kompyuta ndi ma injector isanayambe n'komwe, ndiye batire lotheratu silidzuka ndi kukankha, ndipo mawaya a jampa akasemphanitsidwa, ngakhale kamphindi, kompyuta ingapse. Gulani batire labwino, lolimba pa chomangira chake. M'kabati ya pa dashibodi musasowe relay imodzi yapadera, mafyuzi a 15A, fyuluta ya mafuta, kawaya kolumikizira TE1 ndi E1, ndi pepala la mapu a mawaya monga munalumikizira inuyo, lokutidwa mu pulasitiki, kuti wa zamagetsi wa ku Rumphi kapena ku Chitipa amene sanaionepo galimotoyi adziwe poyambira.